Mayeso a m'Dimba la Amai

Ine ndine kalaliki. Ndigwira nchito pa ofesi ina ya Boma ku Chongwe, ndipo nchito yanga ya masiku onse ndiyo kulandira makalata, kuwadinda tsiku, kuwalemba m'buku ndi kuwaika m'mafaelo ao. Sukulu ndinayambira ku Mishoni ya Kasisi, imene inatsegulidwa ndi Bambo Jules Torrend mu 1905, ndipo pa ulendo wanga wonse wa maphunziro ndinalemba mayeso aakulu atatu, a Giredi 7, a Giredi 9 ndi a Giredi 12. Onsewo anali a mtundu umodzi. Tinkakhala pa mizere tiri cete, woyang'anira nang'amba envelopu pamaso pathu, ife ndi kuyamba kukhuthulira pa pepala zonse zimene tinasunga m'mutu, kufikira belu litalira. Cifukwa ca ici ndinakula ndi maganizo akuti mayeso ndiwo pepala, ndi kuti wopambana ndiye amene pepala lace liribe banga. Maganizo amenewa anandicititsa manyazi m'caka ca 2024, ndipo ndifuna kukufotokozerani umo zinayendera, inu anzanga amene mwatsiriza sukulu ndipo muli kuganizira za njira yoti mutsate.

Atate anacokera ku Katete, napempha malo kwa amfumu m'dziko lino la Asoli, pafupi ndi kamtsinje kothira mu Chongwe. Atamwalira anatisiyira dimba, ndipo dimba limenelo ndilo linatiphunzitsa ife ana awiri, pakuti Amai amalimamo matimati ndi repu nagulitsa pa msika. Ine nditayamba kulandira malipiro ndinasenza katundu wa mng'ono wanga. Iye anali ndi mutu wa masamu. Anaphunzira uinjiniya zaka 5 natenga digiri yoyamba, ndipo pambuyo pace, ali kugwira nchito ku Lusaka, analembetsa maphunziro a digiri yaciwiri m'nthambi yochedwa mechatronics.

Dzina limeneli limveka loopsa, koma cinthu cace muciona kawirikawiri. Analipanga mu 1969 injiniya wa ku Japan, Tetsuro Mori, wa kampani ya Yaskawa, polumikiza mutu wa liu la Cingerezi lonena za makina ndi mcira wa liu lonena za magetsi. Mtanda wa pa geti lolipirira pa Great East Road umene ukwera ndi kutsika popanda munthu wounyamula, malamba oyendetsa katundu pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda limene liri m'boma lathu lomwe lino, makina otulutsa ndalama pa banki, zonsezi ndi za m'nthambi imeneyi. Mng'ono wanga anandiuza kuti makina otere ali ndi ziwalo zitatu. Coyamba ndico sensa, kacipangizo kamene kamva kutentha, kulemera kapena cinyezi. Caciwiri ndiko kakompyuta kamene kalandira zimene sensa yamva ndi kuweruza coti cicitike. Cacitatu ndico cogwira nchito, monga mota kapena pampu. Anati Amai amacita zomwezo m'mawa uliwonse: apisa cala m'dothi, aganiza ngati lauma, nanyamula keni; atathirira apisanso cala kuti aone ngati kwakwanira. M'dziko muno maphunziro amenewa alipo, ndipo imodzi mwa sukulu zowaphunzitsa ndiyo Copperbelt University ya ku Kitwe, imene inayamba mu 1987.

Tsono munthu wophunzira zotere amuyesa bwanji? Ine ndinali kuyembekeza kuti adzapita tsiku limodzi ndi colembera, monga tinkacitira ife. Koma ndinaona kuti anali kuyesedwa caka conse, ndipo mayesowo anali a mitundu inai.

Woyamba unali wa nchito za mlungu ndi mlungu, pamodzi ndi timayeso ta pakati pa temu, zimene ophunzira amazicha CA. Malikisi ace amaunjikana pang'onopang'ono, kotero kuti munthu waulesi amafika pa mayeso otsiriza ali kale ndi ngongole. Waciwiri unali wa mu labu. Kumeneko anali kulumikiza mawaya, kuyendetsa mota ndi kuyeza liwiro lace, ndipo ciriconse cimene wacita anali kucilemba m'buku la cikuto colimba, tsiku ndi nthawi yace. Bukulo ndinaliona. Munalibe tsamba long'ambidwa, ndipo pamene analakwa anangodula mzere umodzi kuti colakwaco ciwerengekebe. Ndinamuseka kuti buku lace ndi lauve, iye nayankha kuti aphunzitsi ace amakayika akaona buku loyera. Wacitatu unali wolemba, wa maola 3 pa phunziro lirilonse, wofanana ndi umene ndiudziwa ine. Wacinai, umene unali waukulu koposa, unali wakuti apange yekha makina othandiza pa vuto lenileni, awayese, alembe buku lofotokoza zonse, ndipo potsiriza aimirire pamaso pa oyesa ndi kuyankha mafunso pakamwa.

Posankha vuto, mng'ono wanga sanapite kutali. Caka cimeneco mvula inakana, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi nayamba kusowa maola ambiri pa tsiku. Citsime ca m'dimba mwathu cinatsika, ndipo Amai, amene msana unayamba kuwavuta, anali kutha m'mawa wonse ndi keni. Iye anaganiza zopanga makina oti azithirira okha pamene dothi lauma, ndi kuleka pamene lakhuta, kuti pasatayike dontho. Mphunzitsi womuyang'anira anavomera. Pampu yoyendera dzuwa ndi mapanelo ace ndinagula ndine, ndi ndalama zimene ndinakongola, zokwanira malipiro anga a miyezi iwiri.

Asanakwirire sensa m'munda anayamba kuiyesa ngati inena zoona. Anatapa dothi la m'dimbamo, nalipima pa sikelo, naliumika mu uvuni wa mu labu pa madigiri 105 kwa maola 24, nalipimanso. Kulemera kumene kunacoka ndiko kunali kulemera kwa madzi. Anabwereza ici ndi dothi louma, lonyowa pang'ono ndi lamatope, kufikira atadziwa kuti nambala yakuti ya sensa itanthauza madzi akutiakuti. Anaikanso malire awiri, ena oyatsira pampu ndi ena ozimitsira, pakuti malire akakhala amodzi pampu imayaka ndi kuzima mosalekeza pamene cinyezi ciri pa mzerewo, ndipo sicedwa kutha. Kakompyuta kaja kanali kulemba nambala ya sensa pa mphindi 10 zirizonse. Mu August makinawo anayamba nchito, ndipo kwa milungu 7 anayenda bwino lomwe. Anansi anali kubwera kudzaona madzi akutuluka popanda munthu, Amai ali khale pa mthunzi.

Kumayambiriro kwa October kunagwa maliro ku Katete, ndipo Amai anapita. Mng'ono wanga anali ku Lusaka. Ine ndinalonjeza kuti ndidzazonda dimba madzulo alionse, koma nchito inacuruka pa ofesi, ndipo ndinadzitonthoza kuti makina alipo. Pa tsiku lacinai nditafika ndinapeza mizere ya kumunsi itakokoloka, citsime ciri pa matope, ndi pampu ikununkha kupsa. Matimati amene anali atayamba kubala anali atafota ndi dzuwa la October, ndipo oposa theka sanadzukenso.

Mng'ono wanga atafukula sensa anapeza cifukwa cace. Inali ya mtundu wochipa, ya timano tiwiri ta citsulo cosakutidwa. Magetsi amadutsa m'dothi kucokera ku dzino lina kupita ku linzace, ndipo dothi likanyowa amadutsa ambiri. Koma magetsi omwewo, pamodzi ndi mcere wa feteleza, amadya citsuloco pang'onopang'ono. Dzino limodzi litadyeka, magetsi analeka kudutsa, ndipo kakompyuta kanamva ngati dothi lauma gwa. Kanayatsa pampu dzuwa litatuluka, ndipo sikanazimitsenso. Madzi atatha m'citsime pampu inapitiriza kuzungulira yopanda kanthu mpaka inapsa. Zonsezi zinalembedwa m'manambala aja, tsamba ndi tsamba, mzere wosasintha wonena kuti kwauma, kwauma.

Apa ndipo pamene ukalaliki wanga unalowerera. Usiku umenewo tinakhala pa khonde, iye atafungata mutu, ndipo ndinati, "Mphwanga, milungu 7 yoyenda bwino uli nayo. Masiku anai awa uwacotse. Ulembe kuti unatsiriza kuyesa kumapeto kwa September. Ndani adzabwera kuno kudzaona? Iwo adzawerenga pepala, ndipo pepala likakhala loyera lidutsa msanga. Ine ndiona zimenezi tsiku ndi tsiku."

Sindinanene izi cifukwa ca kuipa mtima. Ndinali kuwerengera ngongole ya pampu, ndi fizi ya temu ina ngati angacedwe kutsiriza. Iye anakhala cete nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti anayesedwa ndithu. Pambuyo pace anati, "Akulu, ndikacotsa masiku amenewa, buku langa lidzanena kuti makinawa ndi abwino. Lidzakhala m'laibulale. Wina adzaliwerenga, nadzapanga omwewa m'munda waukulu ndi ndalama za ngongole, ndipo pampu yace idzapsa pa mlungu wacisanu ndi citatu. Amene adzaitenthe ndine."

Amai, amene anali atabwera madzulo omwewo ndipo tinali kuyesa kuti agona, analankhula ali m'nyumba: "Pampu inapsa, mudzi wonse waona. Kodi aphunzitsi ace okha ndiwo asamve?"

Sindinayankhe. M'mawa mwace mng'ono wanga anatenga sensa yodyekayo, naiika m'kathumba, napita nayo kwa mphunzitsi womuyang'anira. Mphunzitsiyo anamuuza kuti masiku anaiwo awalembere mutu waowao m'buku, akonze makinawo, ndipo awayesenso. Ici cinatanthauza temu ina, ndi fizi ina imene ndinaiopa ija. Ndinalipira ndikung'ung'udza. Pampu ina tinagula yogwirapo kale nchito, ndipo miyezi imeneyo kunyumba kwanga nyama inali kuoneka pa tsiku la malipiro lokha.

Zimene anakonza zinali zinai. Anaika sensa ya mtundu wina, yokutidwa, imene citsulo cace sicikhudzana ndi dothi. Anaika kacoyandama m'citsime, koti madzi akatsika kazidula pampu. Analamula kakompyuta kuti pampu isapitirire mphindi 20 pa ulendo umodzi. Ndipo anakaphunzitsa kukayika: ngati kathirira koma nambala ya sensa siisintha, kapena ngati nambalayo ndi yosatheka, kazimitse zonse ndi kutumiza uthenga pa foni ya Amai. Anayesa makina atsopanowa miyezi 5, kudutsa m'dzinja, nalemba buku lace. Bukulo linayamba lapita m'kompyuta yofufuza ngati munthu waba mau a ena, ndipo litadutsa pamenepo linatumizidwa kwa oyesa awiri, mmodzi wa pa yunivesite yomweyo, wina wa ku yunivesite ina amene sanamuonepo mng'ono wanga. Cifukwa coitanira mlendo ndi cakuti mphunzitsi amene wakhala ndi wophunzira zaka ziwiri angathe kumumvera cisoni, kapena kumusungira cakukhosi. Mlendo alibe zonsezo, ndiponso aona ngati digiri ya pano ilingana ndi ya kwina.

Tsiku la mafunso a pakamwa, mu 2025, ndinapempha cilolezo ku nchito ndi kumuperekeza. Ndinamuthandiza kunyamula beseni la dothi, cidebe ca madzi ndi makina ena ofanana ndi a m'dimba, ndipo ndinatsala pa benci panja. Za m'katimo ndinazimva kwa iye pobwerera. Anapatsidwa mphindi 20 zofotokoza nchito yace, ndipo pambuyo pace mafunso anayamba. Anamufunsa umo adziwira kuti sensa inena zoona, nawasonyeza manambala a sikelo ndi uvuni. Anamufunsa cifukwa ca malire awiri, nalemba pa bolodi. Anamufunsa mtengo wa zipangizo zonse, ndi ngati mlimi wopanda sukulu angathe kusintha sensa yekha. Kenaka woyesa wacilendo uja anatsegula buku pa mutu wa masiku anai, ndipo mafunso ace ambiri anacokera pamenepo. Anafuna kudziwa tsiku limene manambala anayamba kusokera, ndi ngati munthu akanatha kuona ngoziyo isanafike. Mng'ono wanga anasonyeza kuti kwa masiku 6 ngoziyo isanacitike manambala anali kutsetsereka pang'onopang'ono, ndi kuti iye sanawayang'ane.

Atamva ici woyesayo anaimirira, napita pa beseni, nazula waya wa sensa osanena kanthu. Pampu siinayake.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira pa benci paja. Anali Amai, akupuma mwa befu: "Mwana wanga, uthenga wabwera kuti pampu yaima. Ndathamangira ku dimba, koma madzi ali kutuluka bwinobwino. Kodi yayambanso?" Mng'ono wanga anali ataiwala kucotsa nambala yao m'makina oonetsera aja. Ndinawauza kuti akhale pansi, palibe capsa, ndi aphunzitsi ali kuyesa mwana wao.

Panali funso limodzi limene sanathe kuliyankha. Anamufunsa kuti cokutira ca sensa yatsopanoyo cidzapirira zaka zingati m'dothi ndi pa dzuwa. Anati anayesa miyezi 5 yokha, ndipo kupitirira pamenepo alibe umboni. Ine ndikanakhala iye ndikanachula nambala ina iriyonse, pakuti kusukulu tinaphunzira kuti usasiye funso lopanda yankho. Woyesayo anangolemba, ndipo anamulamula kuti mau omwewo awaike m'buku, kuti wowerenga adziwe pamene umboni ulekezera. Anamutulutsa panja, nakambirana okha, namuitananso. Pa mayeso otere munthu angapambane osakonza kanthu, angapambane atakonza zina, angauzidwe kulembanso, kapena angalephere. Iye anapambana, napatsidwa zokonza zingapo zoti atsirize m'milungu yowerengeka.

Tiri m'basi pa Great East Road ndinali kulingalira cifukwa cace anthu awa ayesana mwa njira yotere. Yankho lace ndinaliona m'dimba. Ine ndikalakwa pa pepala la mayeso, wovutika ndine ndekha. Injiniya akalakwa, cimene cigwa ndi mlatho, cimene cipsa ndi pampu ya mai wamasiye. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo oyesa aja nchito yao ndiyo kung'amba mkuyuwo anthu asanaudye. Ngakhale digiri siitsiriza nkhani. Bungwe la Engineering Institution of Zambia, limene linayamba mu 1955, linapatsidwa mphamvu ndi lamulo la mu 2010 kuti munthu asagwire nchito ya uinjiniya m'dziko muno asanalembedwe m'kaundula, ndipo kuti afike pa udindo wa injiniya wokhwima ayenera kusonyeza zaka zimene wagwira nchito yeniyeni. Kunena zoona, njira iyi si yacilendo kwa ife. Ku Chalimbana, m'boma lathu lino, aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira 1939, ndipo wophunzira uphunzitsi amayesedwanso ataimirira pamaso pa ana. Agogo athu pogula khasu kwa wosula sanali kufunsa mau ace. Anali kukhapa nalo pansi.

Patapita miyezi iwiri, mayeso anga anandipeza pa ofesi. Posuntha mafaelo ndinapeza kalata ya mai wina wokalamba, yokhudza malo ace, imene ndinailandira ine mwini ndi kuiiwala pansi pa mulu kwa milungu 3. Inali isanadindidwe. Cidindo cinali pa dzanja langa lamanja, cikusonyeza tsiku la lero lace, ndipo ndikanadinda palibe akanadziwa. M'buku mukanaoneka kuti kalatayo yafika tsiku lomwelo. Ndinabweza manambala a cidindo kufikira tsiku limene inafikadi, ndinalemba m'mphepete kuti inacedwa m'manja mwanga, ndi kupita nayo kwa akulu a ofesi. Anandidzudzula, ndipo kudzudzulako kunandiyenera. Koma cifukwa tsiku lenileni linaoneka, nkhani ya maiyo inaikidwa patsogolo pa zimene zinabwera m'mbuyo mwace.

Tsono inu anzanga, ena mwa inu mufuna kuphunzira za makina, ndipo ndikulimbikitsani. Gwirani masamu ndi sayansi, pakuti popanda izo khomo silitseguka. Koma yambani lero lomwe cizolowezi cimene sicilira ndalama. Gulani kabuku, ndipo ciriconse cimene muyesa kupanga, kaya ndi kukonza wailesi, kaya ndi kufesa mbeu pa nazale, lembani tsiku, cimene mwacita ndi cimene caturuka. Cikakanika, lembaninso, ndipo tsambalo musaling'ambe. Mukadzafika pamaso pa oyesa, mudzapeza kuti pa tsamba limenelo ndi pamene iwo atsegula.

Pampu yopsa ija ikali pa khonde la Amai. Ogula zitsulo anabwera kawiri, koma Amai anakana, ndipo amaikapo keni yao yakale.